Nkhope ya pa Mnyanga

Bambo Eneya Kamwendo atapuma pa ntchito ya uinjiniya ku Govan, kumalo opangira sitima zapamadzi mumzinda wa Glasgow ku Scotland, anayamba chizolowezi choyendayenda m'masitolo a zinthu zakale. Kawirikawiri sankagula kanthu. Chomwe ankafuna n'kugwira mawotchi, maloko ndi zipangizo zoyezera, n'kumaona mmene amisiri amakedzana ankalumikizira zitsulo popanda makina a masiku ano. Akazi awo, Mayi Malita, ankati bola zimenezo kusiyana n'kuti bamboyo azikhala pakhomo n'kumasunthasuntha mipando.

Tsiku lina pakati pa sabata anapita ku Govanhill kukagula chinangwa ndi therere. Pobwerera ku basi mvula inawapeza, yamphepo ija yolowa ndi m'makutu momwe, ndipo anathawira m'kasitolo kena kopanikizika pakati pa malo ometera ndi shopu ya mafoni. Mkatimo munkamveka fungo la polishi ndi mabuku akale. Mwini wake anali mayi wachikulire wa ku Scotland konko, dzina lake Flossie, yemwe anawalonjera n'kuwauza kuti ayang'ane mwaufulu mpaka mvula ikate.

M'kabati yagalasi pafupi ndi kauntala munali tizithunzi ta anthu tojambula pamanja, kalikonse kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Munali azimayi achizungu a tsitsi lopotanapotana, msilikali wa jekete yofiira, mwana atanyamula kagalu. Bambo Kamwendo anayendetsa maso mwachangu, kenako anaima. Pakati pa azunguwo panali munthu wakuda.

Anali mnyamata, atavala jekete ya buluu ya kolala yaitali ndi nsalu yakuda m'khosi. Sanali atanyamula thireyi kapena kuima kumbuyo kwa bwana, mmene anthu akuda amaonekera pa zithunzi zazikulu zakale. Anali yekha, akuyang'ana munthu m'maso, milomo yake ngati ya munthu amene wamva nthabwala koma akudikira kuti wojambula amalize kaye.

"Ameneyu ndani?" anafunsa m'Chingelezi.

"Ndikanadziwa, bwenzi nditalemba dzina lake pamenepo," anayankha Flossie akutsegula kabatiyo. Anati kachithunziko kanabwera ndi katundu wa m'nyumba ya munthu wina amene anamwalira wopanda abale. Amene anamugulitsa anati kanajambulidwa cha m'ma 1790 ndi mmisiri wotchuka wa ku Edinburgh, ndipo Flossie anawalozera tizilembo tiwiri toimira dzina la mmisiriyo pafupi ndi phewa la mnyamatayo.

Atamva mtengo wake, Bambo Kamwendo anatsokomola. Koma kachithunziko sanakabweze msanga. Anapempha Flossie kuti akawasungire mpaka Loweruka, ndipo iye anavomera.

Kunyumba ku Springburn anafotokozera akazi awo zonse, chinangwa chidakali m'jumbo.

"Ndiye mukufuna kugula munthu amene simukumudziwa?" anatero Mayi Malita. "Imbirani mwana wanu. Kapena mwaiwala kuti muli ndi mwana wa ntchito imeneyo?"

Sanaiwale. Tisunge, mwana wawo woyamba, anabwera ku Glasgow ali wamng'ono, ndipo tsopano anali katswiri wosamalira ndi kukonza zithunzi zakale. Bambo ake ankalakalaka atakhala dokotala kapena injiniya, ndipo ngakhale sanamuletse, anali asanamuonepo akugwira ntchito yakeyo. Anthu akawafunsa ku tchalitchi, ankangoti, "Amagwira ku miyuziyamu," n'kusintha nkhani.

Pa foni Tisunge anamvetsera osawadula mawu. Bambowo atamaliza, iye anati, "Adadi, musalipire chilichonse kaye. Masiku ano zithunzi zakale za anthu akuda zikufunidwa kwambiri. Ndiye pali anthu ena amatenga kachithunzi ka mzungu, n'kudetsa nkhope ndi penti, n'kukagulitsa mtengo wokwera."

"Anthu amachita zimenezo?"

"Ndinazionapo ndi maso anga. Ndibwera Loweruka."

Mawu amenewa anawasowetsa mtendere. Maganizo oti pansi pa nkhope ija pangakhale nkhope ina anawapweteka kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mpaka Loweruka sanalankhulenso za nkhaniyi.

Loweruka m'mawa anakumana pa siteshoni ya basi. Tisunge anabwera ndi kachikwama kakang'ono basi. Atalowa m'sitolo analonjera Flossie m'Chingelezi cha ku Glasgow chenicheni, chothamanga chija, moti mayiyo anaseka n'kunena kuti uyu ndi wathu. Tisunge ananena mosabisa ntchito imene amagwira, n'kupempha chilolezo choti ayang'ane kachithunziko bwinobwino. Flossie anati iyenso akufuna kudziwa zoona zake.

Tisunge anayala kansalu kofewa pa tebulo pafupi ndi windo, n'kuvala magolovesi. Kenako anaika kachithunziko pa kansaluko n'kungokhala akukayang'ana, osagwira chipangizo chilichonse. Nthawi inapita. Basi inadutsa panja, mawindo n'kunjenjemera.

"Sukuyamba?" ananong'ona bambo ake.

"Ndayamba kale, adadi. Onani zovala zake." Ankalankhula nawo m'Chichewa chake chosakaniza, n'kumatembenukira kwa Flossie kuti amufotokozere m'Chingelezi. "Munthu wovala bwino wa m'ma 1790 akanamanga nsalu yoyera m'khosi. Uyu wamanga yakuda. Kolala ya jeketeyi ndi yochindikala, yakwera mpaka kunkhongo, ndipo manja ake ndi ofufuma pamapewa. Kavalidwe aka ndi ka cha m'ma 1830. Fashoni sinama. Ngati inu mutaona chithunzi cha munthu atavala thalauzi ya belu, simungavomere kuti ndi cha nthawi ya achisamunda oyamba."

"Thalauzi ya belu ndinavalapo ine," anatero bambowo.

"Chithunzi chake ndinachiona. Sitikamba zimenezo lero."

Anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu n'kuwerama. Anayamba ndi galasi lophimba kachithunziko, akulipendeketsa pang'onopang'ono kuti kuwala kwa pawindo kudutsemo. Anati linali lakale ndithu, lokhala ngati kachulu pakati, ndipo m'kati mwake munali timathovu ta mpweya tosonyeza kuti linapangidwa ndi manja. Koma anachenjeza kuti galasi lakale munthu akhoza kuliika pa chithunzi cha dzulo. Kenako anafufuza ngati nkhopeyo inali yosindikizidwa ndi makina n'kungopakidwa penti pamwamba. Anati zoterozo zimadziulula ndi timadontho tofanana ndendende, tondandalikana ngati mbewu za pa mzere. Pamenepa panalibe.

"Ajambula pa chiyani?" anafunsa Bambo Kamwendo. "Si pepala limenelo."

"Ndi mnyanga wa njovu, wocheka mopyapyala kwambiri. Ena amanamiza anthu ndi pulasitiki yofanana nawo, koma timizere ta pulasitiki timakhala towongoka kwambiri kusiyana ndi timizere tachilengedwe ta m'mnyanga. Uwu ndi mnyanga weniweni."

Bambowo anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kwawo kunali ku Kasungu, kufupi ndi nkhalango, ndipo anakula akumva za njovu zophedwa chifukwa cha minyanga. Tisunge anaona nkhope yawo.

"Njovu yake inafa kalekale, adadi, koma n'chifukwa chake zaka zake n'zofunika kuzidziwa. Lamulo la kuno sililola kugula kapena kugulitsa mnyanga. Tizithunzi ngati iti amatilola pokhapokha ngati tinapangidwa chisanafike chaka cha 1918, komanso ngati mwini wake analembetsa ku boma."

Flossie ananena kuti analembetsa, ndipo Tisunge anagwedeza mutu n'kubwerera pa kachithunziko.

Atafika pa tizilembo tiwiri ta paphewa tija, anachedwapo. Anayatsa katochi n'kukaika chapambali kuti kuwala kukwawe pamwamba pa pentiyo. Kenako anapereka kagalasi kokulitsa zinthu kwa Flossie.

"Mukuona kamng'alu kang'onong'ono kodutsa paphewapo? Mnyanga umang'aluka choncho ukakhala zaka zambiri pamalo ouma. Tsopano onani chilembo chachiwiricho. Penti yake yalowa m'kamng'aluko. Ndiye kuti amene analemba anapeza mng'alu ulipo kale. Mmisiri mwini wake sakanalemba dzina pa chinthu chong'aluka. Komanso mmisiri amene akuti ndiye anajambulayo anamwalira kavalidwe aka kasanayambe."

Flossie anayang'ana nthawi yaitali. Ataweramuka, nkhope yake inali itafiira. Anati wakhala mu bizinesi imeneyi moyo wake wonse, koma maso ake akutha, ndipo anakhulupirira zimene anauzidwa chifukwa ankafuna kuti zikhale zoona.

"Tonse timatero," anatero Tisunge mofatsa. "Amene anawonjezera zilembozi mwina anachita zimenezi inu ndi ine tisanabadwe."

Mtima wa Bambo Kamwendo unali utagwa. Chaka chinali chabodza, dzina linali labodza. Anafunsa funso limene linawavutitsa masiku onsewo.

"Nanga nkhopeyo?"

Tisunge anatembenukira kuwindo. Anapempha Flossie kuti atseke katani ndi kuzimitsa magetsi, n'kutulutsa katochi kena kowala mofiirira ngati maluwa a jakaranda. Anati pansi pa kuwala kumeneku penti yowonjezeredwa pambuyo pake nthawi zambiri imaoneka yakuda bii, yosiyana ndi inzake. Ataunikira, tizilembo tija tinaoneka ngati nyerere ziwiri pa nsalu. Nkhopeyo inali yofanana ponseponse.

Anatsegula katani, n'kuweramanso ndi kagalasi kake. Ulendo uno anakhalitsa kuposa poyamba, ndipo bambo ake anaona kuti wayamba kumwetulira yekha.

"Adadi, khalani apa. Muyandikitse diso ku galasi, kenako mutsike pang'onopang'ono mpaka zioneke."

Poyamba sanaone kanthu koma chifunga. Kenako tsaya la mnyamatayo linatulukira, lalikulu ngati munda. Silinali la mtundu umodzi. Linali la timizere tating'ono tosawerengeka, tina tofiira, tina ta buluu, tina tonga dothi la katondo, tolukana ngati mkeka. Pamphumi ndi pamphuno timizereto tinali totalikirana, mnyanga n'kumawala pansi pake ngati khungu la munthu amene wayenda padzuwa.

"Munthu wofuna kudetsa nkhope ya mzungu amangopaka penti pamwamba, ndipo pansi pake mumaona masaya ofiira akusuzumira," anatero Tisunge pafupi ndi khutu lawo. "Apa palibe nkhope ina. Wojambulayu anayamba ndi mnyanga woyera n'kumanga khungu ili kamzere ndi kamzere. Onani pansi pa chibwano mmene waikira buluu. Munthu sangaganize zimenezo pamutu. Anakhala pansi n'kumuyang'anitsitsa mnyamatayu, mwina masiku angapo."

Bambo Kamwendo anayendetsa galasilo mpaka padiso. M'kati mwa mboni munali kadontho koyera kochepa kuposa njere ya mchenga, ndipo anazindikira kuti kadontho kameneko ndi kamene kanawaimitsa pa kabati paja. Pa ntchito yawo anakhala zaka akuyang'ana mmene anthu awotcherera zitsulo, ndipo ankadziwa kusiyanitsa dzanja lothamanga ndi dzanja lolemekeza ntchito. Ili linali dzanja lolemekeza ntchito. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana manja a mwana wawo, amene anagwira m'mphepete mwa kansalu osanjenjemera ngakhale pang'ono.

"Zonsezi unaziphunzira kuti?" anafunsa.

"Kumene munkandilipirira fizi, adadi."

Anaseka onse, ndipo Flossie, ngakhale sanamve Chichewacho, anaseka nawo.

Panatsala chinthu chimodzi. Tisunge anati felemu yakuda yathabwa imene munali kachithunziko inali ya pambuyo pake, yoti munthu azikoleka pakhoma. M'kati mwake ankaona m'mphepete mwa kachitsulo kagolide, konga kamene anthu ankavala m'khosi. Anapempha Flossie ngati angachotse felemu yakunjayo. Anati galasi lenilenilo salitsegula, chifukwa penti yamtunduwu imasungunuka ngakhale ndi mpweya wa m'kamwa. Flossie atavomera, iye anawongola timisomali ta kumbuyo kamodzikamodzi, n'kutulutsa kachithunziko. Anakatembenuza.

Kumbuyo kunali kagalasi kena, ndipo pansi pake panali tsitsi. Linali tsitsi la munthu wakuda, lopiringizika, loikidwa mozungulira bwinobwino n'kumangidwa ndi kaulusi kagolide.

Flossie anagwira pakamwa. Tisunge anafotokoza motsitsa mawu kuti umenewu unali mwambo wa nthawi imeneyo: munthu ankapatsa wokondedwa wake chithunzi chake pamodzi ndi tsitsi lake, kapena achibale ankasunga tsitsi la amene wawasiya.

Flossie anati sangagulitsenso kachithunziko ndi dzina la mmisiri uja. Anatsitsa mtengo yekha, osapemphedwa, ndipo Tisunge anauza bambo ake kuti mtengo watsopanowo unali wachilungamo. Bambo Kamwendo anagula. Akutuluka, Flossie anapempha Tisunge kuti tsiku lina adzamuonere msilikali wa jekete yofiira uja, chifukwa tsopano wayamba kumukayikira.

M'basi Tisunge anawapatsa malangizo. Asakakoleke pakhoma chifukwa dzuwa limasulutsa penti. Asakaike pafupi ndi hita kapena pamalo a chinyezi. Asakapukute ndi kalikonse. Bambo ake ankangoti "chabwino, chabwino," dzanja lili pa thumba la jekete.

Vuto linali kunyumba. Mayi Malita anayamikira nkhopeyo, n'kunena kuti mnyamatayo akufanana ndi anthu a ku Nkhotakota. Koma atauzidwa za kumbuyo, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda fuliji.

"Tsitsi la munthu wakufa? M'nyumba mwanga muno? Bambo a Tisunge, inu mkulu wa mpingo wathunthu?"

"Si zamankhwala izi, mayi. Ndi chikumbutso chabe."

"Kwathu tsitsi la pamaliro sitisunga. Mwini wake akamalifuna muzikayankha nokha."

Tisunge anayesa kufotokoza, Chichewa n'kumuthera, n'kumalizira m'Chingelezi. Mayi ake anati amva, koma chinthucho chisalowe kuchipinda. Kachithunziko kanakhala m'dirowa ya pabalaza, kokutidwa ndi kansalu, ndipo Mayi Malita ankadutsa patali ndi dirowayo ngati muli njoka.

Bambo Kamwendo anagula kagalasi kawo kokulitsa zinthu. M'mawa uliwonse akamwa tiyi ankatulutsa kachithunziko kwa kanthawi n'kumakayang'ana. Chomwe chinkawavuta chinali tsitsi lija. Ankaganiza kuti mnyamatayo anamwalira akadali wamng'ono, kutali ndi kwawo, m'dziko lozizira lino, ndipo wina anangotsala ndi katsitsi kake. Tisunge anafufuza m'mabuku ndi kufunsa anzake a ntchito, koma dzina la mnyamatayo kapena la wojambulayo silinapezeke. Anauza bambo ake kuti mwina silidzapezeka, ndipo sangawanamize kuti awasangalatse.

Lamulungu lina atabwera ku tchalitchi, Tisunge ali nawo pa chakudya chamasana, Mayi Malita anapukuta m'manja n'kunena mosayang'ana munthu, "Tabweretsani chinthu chanucho ndichione. Anthu ku chigwirizano akundifunsa, ine osadziwa choyankha."

Anavala mandala awo, n'kutenga kagalasi kaja. Nkhope anangoiyang'ana pang'ono. Anauza Tisunge kuti atembenuze, iwo osakhudza. Anawerama pa tsitsilo, ndipo anakhalitsa.

"Inu mumati anafa ali mnyamata?"

"Ndi mmene ndimaganizira," anayankha amuna awo.

"Nanga imvizi ndi za ndani?"

Tisunge anadzuka pampando. Anatenga kagalasiko, n'kutengera kachithunziko pawindo, n'kukapendeketsa. M'kati mwa tsitsi lakudalo, makamaka chapansi pomwe kaulusi kanamanga, munali timaimvi tambirimbiri topiringizika. M'sitolo muja anali atatanganidwa ndi nkhope ndi zilembo, ndipo kuwala kunali kochepa.

"Amami, zoonadi! Ndi imvi." Anaseka mokweza ngati mwana. Kenako ntchito yake inamubwerera, n'kuwonjezera kuti, "Koma tisathamange. Likhoza kukhala lake, anadula atakalamba n'kuikamo pambuyo pake. Likhozanso kukhala la mayi ake kapena bambo ake."

"Kaya ndi lake, ndiye kuti anakalamba," anatero Mayi Malita. "Kaya ndi la mayi ake, ndiye kuti anali ndi mayi. Zonsezo ndi zabwino."

Bambo Kamwendo anapempha kagalasiko. Anayang'ana imvizo nthawi yaitali, kenako anatembenuza n'kuyang'ananso mnyamata wa jekete ya buluu uja, akuyesa kumuona ali nkhalamba, akuyenda ndi ndodo m'misewu ya mumzinda uno mvula ikugwa.

"Mpunga ukuzizira," anatero akazi awo. Atakhala pansi anafunsa Tisunge ngati nsalu ya chitenje ingawononge kagolideko, chifukwa kansalu kamene bambo ake anakutirako kanali kopukutira mandala, ndipo munthu wamkulu sasungidwa choncho.

Tisunge anati chitenje chakale chochapidwa kambirimbiri, chofewa, chilibe vuto. Mayi Malita anati ali nacho chimodzi, ndipo asoka kathumba mawa.